Chaka cha 46 BC: Chaka cha Masiku 445

Chaka cha 46 BC, kutanthauza zaka 46 Khristu asanabadwe, chimadziwika pakati pa akatswiri a mbiri yakale kuti ndicho chotalika kuposa zaka zonse zimene zidawerengedwapo pa kalendala ya boma. Mu mzinda wa Roma chakachi chidali ndi miyezi 15, masiku onse pamodzi 445. Dzuwa ndi mwezi zidayenda monga mwa masiku onse. Chomwe chidatalika ndi chiwerengero cha anthu. Julius Caesar, yemwe pa nthawiyo adali atatsala pang'ono kugonjetsa adani ake onse pa nkhondo yapachiweniweni, adaonjezera masiku 90 pa chakacho pofuna kubwezera m'chimake kalendala imene idali itasemphana ndi nyengo kwa miyezi pafupifupi itatu.

Chakachi chitatha, pa 1 Januwale 45 BC, kudayamba kugwira ntchito kalendala yatsopano ya masiku 365. Kalendala imeneyi idadzakonzedwanso pang'ono mu 1582, ndipo ndiyo imene maboma, masukulu, mabanki ndi makhoti a m'maiko ambiri akutsata mpaka lero. M'chaka chomwechi mudachitika nkhondo yaikulu kumpoto kwa Africa, ufumu wa Numidia udatha, mfumukazi Cleopatra ya ku Egypt idafika ku Roma, ndipo ku China boma lidasiya kulamulira chilumba cha Hainan.

Dzina limene eni ake sadalidziwe

Palibe munthu wa nthawi imeneyo amene adatchulapo chakachi kuti 46 BC. Kuwerenga zaka kuchokera pa kubadwa kwa Yesu kudayamba patapita zaka zoposa 500, pamene mmonke wina dzina lake Dionysius Exiguus ankakonza ndandanda wa masiku a Pasaka ku Roma m'chaka cha 525. Njira yakeyo idafala pang'onopang'ono, makamaka Bede wa ku England ataigwiritsa ntchito m'buku lake la mbiri ya mpingo limene adamaliza kulemba mu 731. Kuwerenga chobwerera m'mbuyo, kwa zaka zimene Yesu adali asanabadwe, kudadzazolowereka mochedwa kwambiri, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700.

M'kawerengedwe kameneka mulibe chaka cha 0. Chaka cha 1 BC chikatha, chotsatira ndi 1 AD. Akatswiri a zakuthambo, amene masamu awo amafuna kuti 0 akhalepo, amalemba 1 BC ngati chaka cha 0, motero kwa iwo 46 BC ndi chaka cha -45.

Aroma eni ake ankatchula chaka ndi maina a akuluakulu awiri amene asankhidwa kutsogolera boma m'chakacho, omwe udindo wawo unkatchedwa consul. Kwa iwo chimenechi chidali chaka cha Gaius Julius Caesar, amene adali pa udindowu kachitatu, ndi Marcus Aemilius Lepidus. Anthu ophunzira adalinso ndi njira ina, yowerengera kuchokera pa kukhazikitsidwa kwa mzinda wa Roma. Potsata chiwerengero cha Marcus Terentius Varro, yemwe adali moyo pa nthawiyo ndipo ankati mzindawo udakhazikitsidwa m'chaka chimene lero chimatchedwa 753 BC, chakachi ndi cha 708.

Chakachi m'makalendala a mitundu ina

Makalendala amene amatchula chakachi ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la amene anthu ankawagwiritsadi ntchito pa nthawiyo.

- Agiriki ankawerenga zaka potsata masewera a ku Olympia, amene ankachitika zaka zinayi zilizonse kuyambira mu 776 BC. Nthawi ya zaka zinayi zotere inkatchedwa Olympiad. Pakatikati pa 46 BC padayamba chaka chachitatu cha Olympiad ya 183.
- Ku Syria ndi ku Babylon ankawerenga kuchokera pa nthawi imene Seleucus I adatenga mzinda wa Babylon. Ku Syria chakachi chidali cha 266 ndi 267.
- Ku Egypt ankatsata zaka za ulamuliro wa mfumu. Chakachi chidagwera m'chaka chachisanu ndi chimodzi ndi chachisanu ndi chiwiri cha Cleopatra VII.
- Ku China chidali chaka chachitatu cha nyengo yotchedwa Chuyuan, mu ulamuliro wa mfumu Yuan ya banja lachifumu la Han. Pa mzere wa maina 60 amene anthu a ku China amatchulira zaka, chimenechi ndi yihai, chaka cha nkhumba.

Gulu lachiwiri ndi la makalendala amene kawerengedwe kake ka zaka kadadzakhazikika m'mbuyo mwake, ndipo nambala ya chakachi imapezeka pochita masamu obwerera m'mbuyo.

- Kalendala ya Ayuda, yowerengera kuchokera pa kulengedwa kwa dziko monga momwe arabi adawerengera: 3715 ndi 3716.
- Kalendala ya ku Byzantium, yowerengeranso kuchokera pa chilengedwe koma ndi masamu ena: 5463 ndi 5464.
- Vikram Samvat ya ku India ndi Nepal, yoyambira mu 57 BC: 11 ndi 12.
- Kali Yuga ya Ahindu, yoyambira mu 3102 BC: 3055 ndi 3056.
- Kalendala ya Abuda: 498 potsata kawerengedwe ka ku Thailand, 499 potsata ka ku Sri Lanka ndi Myanmar.
- Dangi ya ku Korea, yoyambira mu 2333 BC: 2288.
- Kawerengedwe kamene Joseph Scaliger adakonza mu 1583, komwe akatswiri a zakuthambo amagwiritsabe ntchito: 4668.

Pamene palembedwa manambala awiri, chifukwa chake n'chakuti chaka chatsopano cha mtundu umenewo sichiyamba mu Januwale, choncho chaka chimodzi cha Aroma chimakhudza zaka ziwiri za kumeneko. Makalendala ena odziwika bwino mu Africa alibe nambala ya chakachi popeza chiyambi chawo chidali chisanafike: ya ku Ethiopia imayamba zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu pambuyo pa 1 AD, ya mpingo wa Coptic ku Egypt imayamba mu 284, ndipo ya Chisilamu imayamba mu 622.

Chimene chidasokoneza kalendala ya Aroma

Kalendala yakale ya Aroma idali ndi masiku 355 okha. Miyezi inayi, Malichi, Meyi, Quintilis ndi Okutobala, idali ndi masiku 31. Febuluwale adali ndi 28, ndipo miyezi isanu ndi iwiri yotsalayo idali ndi 29 uliwonse. Koma dziko limatenga masiku 365 ndi maola pafupifupi 6 kuti lizungulire dzuwa, kotero kuti chaka chilichonse kalendala inkaperewera ndi masiku 10 ndi kachigawo. Pokwaniritsa masiku amenewa, mwezi wapadera wotchedwa Intercalaris kapena Mercedonius unkalowetsedwa chakumapeto kwa Febuluwale, kawirikawiri pa zaka ziwiri zilizonse. Chaka chotere chinkakhala ndi masiku 377 kapena 378.

Vuto limeneli silidali la Aroma okha. Mitundu yonse yowerenga miyezi poyang'ana mwezi wakumwamba imakumana nalo, ndipo ingapo idali itapeza kale lamulo lokhazikika. Anthu a ku Babylon ankaonjezera miyezi 7 pa zaka 19 zilizonse. Meton wa ku Athens adafotokoza masamu omwewo mu 432 BC, ndipo kalendala ya Taichu imene China idakhazikitsa mu 104 BC inkayenderanso lamulo lomwelo. Ku Roma kudalibe lamulo lotere. Mphamvu yoonjezera mwezi kapena kusaonjezera idali m'manja mwa bungwe la ansembe lotchedwa pontifices, ndipo ansembewo adali andale omwe.

Motero nkhani ya kalendala idasanduka nkhani ya mipando ndi ndalama. Maudindo a boma adali a chaka chimodzi, choncho mwezi woonjezera unkatalikitsa nthawi ya amene ali pa mpando. Makampani amene ankagula kuboma chilolezo chotolera msonkho ankapindula kapena kuluza malinga ndi kutalika kwa chaka. Censorinus, amene adalemba za makalendala m'chaka cha 238 AD, akuti ansembe ankatalikitsa kapena kufupikitsa chaka mokondera anzawo ndi molanga adani awo. Umboni wina ukupezeka m'makalata a Cicero. Atatumizidwa kukalamulira chigawo cha Cilicia mu 51 BC, ntchito imene sankaifuna, adalembera abwenzi ake ku Roma kuwapempha kuti aonetsetse kuti pasaonjezeredwe mwezi, kuopa kuti nthawi yake kumeneko ingatalike.

Mkulu wa ansembewo kuyambira mu 63 BC adali Caesar yemweyo. Koma kuchokera mu 58 BC iye adali ku nkhondo m'dera la Gaul, ndipo mu 49 BC nkhondo yapachiweniweni idabuka pakati pa iye ndi Pompey. M'zaka zisanu zotsatizana chaka cha 46 BC chisanafike sipadaonjezeredwe mwezi ndi umodzi womwe. Kalendala idathamanga kusiya nyengo m'mbuyo. Tsiku limene Aroma adalitcha 1 Januwale 46 BC lidafika pakati pa mwezi umene lero ukadakhala Okutobala wa chaka chapitacho. Chikondwerero cha kukolola tirigu chinkafika tirigu asanakhwime, cha mphesa chinkafika mphesa zili zosapsa.

Nkhondo ya kumpoto kwa Africa

Miyezi yoyamba ya chakachi Caesar adali m'dera limene lero ndi Tunisia. Pompey adali ataphedwa ku Egypt mu 48 BC, koma omutsatira adasonkhanitsa asilikali ambiri m'chigawo cha Aroma chotchedwa Africa. Mtsogoleri wawo adali Metellus Scipio, ndipo pambali pake padali Juba I, mfumu ya Numidia, ufumu umene udali m'dera la kum'mawa kwa Algeria ndi mbali ina ya Tunisia. Juba adali ndi asilikali a pa akavalo odziwika ndi liwiro, komanso njovu zankhondo.

Pa 4 Januwale, pafupi ndi mzinda wa Ruspina, Caesar adazunguliridwa ndi asilikali a Titus Labienus, yemwe kale adali wachiwiri wake ku Gaul, ndipo adapulumuka movutikira. Thandizo lidachokera kumadzulo. Mfumu Bocchus II ya Mauretania ndi msilikali wina wa ku Italy dzina lake Publius Sittius adalowa mu Numidia natenga mzinda wa Cirta, umene lero ndi Constantine. Zimenezi zidachititsa Juba kugawa asilikali ake.

Nkhondo yaikulu idachitikira ku Thapsus, m'mbali mwa nyanja, pa 6 Epulo. Tsikuli ndi la pa kalendala ya Aroma yosokonekera ija. Potsata nyengo kudali kumayambiriro kwa Febuluwale. Njovu za adani a Caesar zitalasidwa ndi mivi ndi miyala zidatembenuka n'kupondereza eni ake omwe. Gulu la Scipio lidabalalika, ndipo asilikali a Caesar adapha anthu zikwizikwi, ena mwa iwo atagonja kale. Njovu pafupifupi 60 zidagwidwa.

Atsogoleri ogonjawo adatha mmodzimmodzi. Scipio adadzipha pa nyanja pafupi ndi Hippo Regius zombo zake zitatsekerezedwa. Juba ndi mkulu wa asilikali wachiroma Marcus Petreius adapangana zofera limodzi m'malo mogwidwa. Marcus Porcius Cato, amene ankayang'anira mzinda wa Utica ndipo adatsutsana ndi Caesar kwa zaka zambiri, adadzipha pokana kulandira chikhululukiro kuchokera kwa munthu amene iye ankamuona ngati wolanda boma. Labienus ndi ana a Pompey adakasonkhananso ku Spain.

Ufumu wa Juba udathera pomwepo. Mbali yaikulu ya Numidia idasanduka chigawo cha Roma chotchedwa Africa Nova, ndipo bwanamkubwa wake woyamba adali Sallust, amene adabwerako ndi chuma chambiri naimbidwa mlandu wodyera anthu masuku pamutu, kenaka n'kudzatchuka ngati mlembi wa mbiri. Mizinda imene idathandiza adani a Caesar idalipitsidwa. Mzinda wa Leptis udalamulidwa kupereka mapaundi 3 miliyoni a mafuta a maolivi chaka chilichonse.

Zikondwerero zinayi ku Roma

Caesar adabwerera ku Roma chakumapeto kwa mwezi wa Quintilis. Bwalo la akuluakulu a boma lotchedwa Senate lidamupatsa udindo wa dictator kwa zaka khumi. M'malamulo akale a Roma udindowu unkaperekedwa pa nthawi ya zovuta zokha, ndipo sunkapitirira miyezi isanu ndi umodzi.

Mu Seputembala adachita maperete anayi a chipambano, okondwerera kugonjetsa Gaul, Egypt, Pontus ndi Africa. Perete wa Africa adatchulidwa kuti ngwa kugonjetsa mfumu Juba, popeza mwambo sunkalola kukondwerera kupha Aroma anzako. Komabe zithunzi zosonyeza imfa ya Cato ndi Scipio zidaonetsedwa, ndipo anthu ambiri zidawanyansa.

Pakati pa akaidi amene adayendetsedwa m'misewu padali Vercingetorix, mtsogoleri wa anthu a ku Gaul amene adagonja ku Alesia mu 52 BC. Adali atakhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo perete atatha adaphedwa. Padalinso Arsinoe, mng'ono wake wa Cleopatra, yemwe adasiyidwa ndi moyo natumizidwa ku kachisi wa Artemis ku Ephesus, kumene adadzaphedwa mu 41 BC. Wamng'ono pa onse adali mwana wa Juba, amene adali akadali wakhanda. Mwanayu adaleredwa ku Roma, ndipo mu 25 BC adaikidwa kukhala mfumu ya Mauretania ndi dzina loti Juba II. Adakwatira Cleopatra Selene, mwana wa Cleopatra, ndipo adatchuka polemba mabuku a mbiri ndi a za maiko.

Plutarch akuti anthu adadyera pa matebulo 22,000 pa phwando limodzi. Suetonius akuti nzika iliyonse idalandira tirigu, mafuta ndi ndalama zokwana ma sesterce 400, ndipo 100 mwa ndalamazo zidali zopepesera kuchedwa kwa 300 zimene Caesar adalonjeza kale. Pa masewera a nthawi imeneyi anthu a ku Roma adaona nyamalikiti kwa nthawi yoyamba. Pa 26 Seputembala Caesar adatsegulira bwalo lake latsopano pamodzi ndi kachisi wa Venus Genetrix, mulungu wamkazi amene banja lake linkati ndiye kholo lawo.

Chaka chomwecho Caesar adachititsa kalembera wa anthu olandira tirigu waulere kuboma, ndipo chiwerengero chawo chidatsitsidwa kuchoka pa 320,000 kufika pa 150,000. Chakumapeto kwa chaka Cleopatra adafika ku Roma pamodzi ndi mlongo wake Ptolemy XIV, yemwe adali mfumu mnzake, nakhala m'nyumba ya Caesar kutsidya kwa mtsinje wa Tiber. Cicero, amene adali mbali ya Pompey koma adakhululukidwa, adathera nthawi yambiri polemba. Mabuku ake awiri onena za luso la kulankhula pagulu, Brutus ndi Orator, ndi a chaka chimenechi.

Momwe masiku 445 adakwanira

Pokonza kalendala, Caesar adathandizidwa ndi akatswiri a masamu. Pliny wamkulu amatchula Sosigenes, katswiri wa zakuthambo wa ku Alexandria. Ku Egypt n'kumene kudali chitsanzo. Kwa zaka zikwi anthu a kumeneko adali ndi chaka cha masiku 365 chosadalira mwezi wakumwamba: miyezi 12 ya masiku 30, ndi masiku asanu apadera kumapeto. Ankadziwanso kuti chaka chotere chimaperewera ndi maola 6. Mu 238 BC mfumu Ptolemy III idalamula kuti pa zaka zinayi zilizonse pazionjezeredwa tsiku limodzi, koma lamulolo silidatsatidwe. Caesar, amene adakhala ku Egypt miyezi ingapo mu 48 ndi 47 BC, adachita chimene Ptolemy adalephera.

Ntchito idali pawiri. Yoyamba idali yobwezera Januwale pa nyengo yake. Mwezi wa Intercalaris udali utalowetsedwa kale mu Febuluwale wa chakacho, ndipo udaonjezera masiku 23. Kenaka Caesar adalowetsa miyezi ina iwiri pakati pa Novembala ndi Disembala, yotchedwa Intercalaris Prior ndi Intercalaris Posterior, ya masiku 67 yonse iwiri. Masamu ake ndi awa: 355 kuphatikiza 23 kuphatikiza 67, zikwana 445. Chiwerengero chimenechi ndi cha Censorinus, ndipo ndicho akatswiri ambiri amavomereza. Macrobius, amene adalemba patapita zaka zoposa 400, adati masikuwo adali 443, ndipo ndiye adatcha chakachi chaka chomaliza cha chisokonezo.

Ntchito yachiwiri idali yoletsa chisokonezocho kubwereranso. Caesar adathetsa mwezi woonjezera uja nagawa masiku khumi ku miyezi yaifupi. Januwale, Sextilis ndi Disembala adalandira masiku awiri uliwonse. Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala adalandira tsiku limodzi uliwonse. Utali wa miyezi umene ana amaloweza kusukulu lero udakhazikika pamenepa. Pa zaka zinayi zilizonse Febuluwale adayenera kukhala ndi tsiku lina. Aroma sadaliike kumapeto kwa mwezi. Ankawerenga kawiri tsiku la 24 Febuluwale, limene kwa iwo lidali lachisanu ndi chimodzi Malichi asanayambe. Mawu a Chipwitikizi akuti ano bissexto, amene amamveka ku Mozambique ndi Angola ponena chaka cha masiku 366, adachokera pa kuwerenga kawiri tsiku lachisanu ndi chimodzi limeneli.

Kuyambira pamenepo wansembe kapena wandale sakadathanso kutalikitsa chaka mwakufuna kwake. Mlimi, wamalonda ndi wokongoza ndalama akadatha kudziwiratu tsiku lililonse la zaka zam'tsogolo. Koma si onse adakondwa, chifukwa amene adachotsa mphamvuyo kwa ansembe adali munthu mmodzi wolamulira yekha. Plutarch akusimba kuti wina atanena kuti gulu la nyenyezi lotchedwa Lyra lituluka mawa lake, Cicero adayankha monyodola kuti nazonso nyenyezi zayamba kutuluka molamulidwa.

Caesar sadadikire kuti chakacho chithe ali ku Roma. Adanyamuka kupita ku Spain, kumene adagonjetsa Labienus ndi ana a Pompey pa nkhondo ya ku Munda pa 17 Malichi 45 BC.

Zochitika m'madera ena

Ku Syria bwanamkubwa Sextus Julius Caesar, mbale wake wa Caesar, adaphedwa ndi asilikali ake omwe atanyengereredwa ndi Caecilius Bassus, wotsatira Pompey. Bassus adakhazikika mu mzinda wa Apamea ndipo adali asanagonje pamene Caesar ankamwalira. Ku Judea mkulu wa ansembe adali Hyrcanus II, koma mphamvu zenizeni zidali ndi Antipater, amene mwana wake Herod adali kuyang'anira Galilee. Herod ameneyu ndiye adadzakhala mfumu yotchulidwa m'nkhani ya kubadwa kwa Yesu. Kum'mawa kwa mtsinje wa Euphrates kudali ufumu wa Parthia pansi pa Orodes II, umene udagonjetsa Aroma ku Carrhae mu 53 BC.

Ku China boma lidachita zosiyana ndi zimene Roma inkachita ku Numidia. Chigawo cha Zhuya, pa chilumba cha Hainan, chidakhazikitsidwa mu 110 BC mu ulamuliro wa mfumu Wu, koma eni nthaka ankaukira boma kawirikawiri. Ena mwa nduna za mfumu Yuan ankafuna kutumizako asilikali ena. Mlangizi wina dzina lake Jia Juanzhi adatsutsa, nati nkosayenera kuwononga chuma pa chilumba chakutali pamene anthu a m'zigawo za kum'mawa kwa dzikolo ali pa njala. Mfumu idamvera, ndipo mu 46 BC chigawocho chidathetsedwa.

Zotsatira zake

Caesar adakhala pansi pa kalendala yake miyezi khumi ndi inayi ndi theka yokha. Adaphedwa pa 15 Malichi 44 BC, ndipo chaka chomwecho mwezi wa Quintilis, umene iye adabadwa, udasinthidwa dzina kukhala Julius. Ansembe adasokonezanso lamulo lake: m'malo moonjezera tsiku pa zaka zinayi, ankaonjezera pa zaka zitatu zilizonse. Augustus adakonza cholakwikachi podumpha masiku oonjezerawo kwa zaka zingapo, ndipo mu 8 BC mwezi wa Sextilis udatchedwa dzina lake.

Kalendala ya Caesar idalinso ndi kolakwika kena kakang'ono. Chaka chake ndi chotalika ndi mphindi pafupifupi 11 kuyerekeza ndi chaka chenicheni cha dzuwa, zimene zimakwana tsiku lathunthu pa zaka pafupifupi 128. Mu 1582 Papa Gregory XIII adachotsa masiku khumi, kotero kuti 4 Okutobala adatsatidwa ndi 15 Okutobala. Adalamulanso kuti zaka zothera ndi 00 zizikhala ndi masiku 366 pokhapokha ngati zingagawike ndi 400. N'chifukwa chake 1900 idalibe 29 Febuluwale, 2000 idali naye, ndipo 2100 sidzakhala naye. Portugal ndi Spain adasintha chaka chomwecho. Britain ndi madera ake adasintha mu 1752, Russia mu 1918, ndipo Greece mu 1923.

Kum'mwera ndi pakati pa Africa kalendala imeneyi idafika ndi amalonda, amishonale ndi maboma atsamunda, ndipo maina a miyezi adalowa m'zinenero zambiri za m'derali. Julaye ndi Ogasiti a m'Chichewa ndi maina a Julius Caesar ndi Augustus. Seputembala, Okutobala, Novembala ndi Disembala amachokera ku manambala a Chilatini 7, 8, 9 ndi 10, chikumbutso cha nthawi imene chaka cha Aroma chinkayamba mu Malichi.

Kalendala ya Caesar yosakonzedwa ija sidafe. Mipingo ya Orthodox ya ku Russia ndi Serbia imaitsatabe, ndipo popeza tsopano ili m'mbuyo ndi masiku 13, Khirisimasi yawo imachitika pa 7 Januwale. Kalendala ya ku Ethiopia ndi ya mpingo wa Coptic zimachokera ku kalendala yakale ya ku Egypt monga momwe idakonzedwera mu nthawi ya Augustus, ndipo zimaonjezera tsiku pa zaka zinayi zilizonse popanda kudumpha. Kumpoto kwa Africa, m'madera omwe kale adali Numidia ndi Mauretania, alimi a mtundu wa Amazigh adasunga miyezi ya Aroma pa ntchito za kumunda. Mwezi wawo woyamba umatchedwa Yennayer, ndipo tsiku lake loyamba ndi la tchuthi ku Algeria kuyambira mu 2018.